Pamene Pankagona Mafumu

Wailesi ikamatchula malo okopa alendo, ife a kuno kwa Kalolo timangomvera, podziwa kuti nkhaniyo ili ndi eni ake. Amatchula nyanja, phiri la Mulanje, Nyika, njovu za ku Liwonde. Kwathu kuno n'kuchidikha. Kuchoka pa Mpingu, kudutsa Namitete, kukhotera ku Nsaru mpaka kwa Kabudula, diso limangoona minda ya chimanga, zigafa za fodya, madambo ndi mitengo ya mango. Mlendo wa kamera akamapita ku Mchinji amaima pamsika, kugula nthochi, basi ulendo. Palibe chomuchedwetsa. Komabe ine m'kuyendayenda kwanga ndinapondako pamalo pamene pankagona mafumu, ena ndinangowasuzumira patali, ndipo ndati ndifotokoze mutu usanayambe kusakaniza mayina.

Tili ana, tikudyetsa mbuzi, kuseri kwa mudzi wathu kunali malo amene tinkati ku linga. Unali mtumbira wautali wozungulira, wolekeza m'chiuno mwa munthu wamkulu, pamwamba pake patamera nkhadze ndi minga. Ife tinkangokwerapo n'kumalumphira pansi. Agogo anga aakazi ndiwo anandiuza kuti limenelo linali khoma, ndipo makolo awo ankagona m'kati mwake pamodzi ndi mbuzi ndi nkhokwe, kuthawa Angoni a Mpezeni ochokera kumadzulo ndi a Chiwere ochokera ku Dowa. Amene anali ndi phiri pafupi ankakwera m'phiri. Anthu a Mazengera, amishoni atafika ku Nkhoma mu 1896, anawapeza akukhala pamwamba pa phiri lija chifukwa cha mantha omwewo. Ife opanda phiri tinkaumba lathu ndi dothi. Linga lathulo lero kulibe. Makasu analidya pang'onopang'ono, ndipo pamalopo pali mizere ya mtedza.

Agogowo akati anene za ulemu weniweni, sankatchula mfumu yaimuna. Ankatembenukira kummwera, kumene Dzalanyama amaoneka wobiriwira mbuu nthawi ya dzinja, n'kunena za ku Msinja kwa Makewana, mayi wa ana onse, amene mafumu ankamutumizira mphatso mvula ikakana. Tsitsi lake silinkametedwa, poopa kumeta mvula. Anali ndi atsikana omutumikira otchedwa matsano, anali ndi Kamundi woyang'anira za kachisi, ndi Tsang'oma woimba ng'oma ya mbiriwiri. Kufupi ndi kumeneko kuli Kaphirintiwa, pamene amati anthu oyamba ndi nyama anatsikira thanthwe likadali lofewa, n'kusiyapo mapazi. Agogo akamanena zimenezi ankatsitsa mawu, ngakhale kuti anali atabatizidwa kale ndipo korona sinkachoka m'khosi mwawo.

Kusukulu tinadzawerenga Mbiri ya Achewa ya Samuel Ntara, n'kudziwa za Kalonga ndi likulu lake ku Mankhamba, cha ku Mtakataka. Kalonga ankalamulira dziko lalikulu, koma nyumba zake zinali za mitengo, dothi ndi udzu, zinthu zimene chiswe ndi moto wolusa sizichedwa nazo. Katswiri wathu Yusuf Juwayeyi atakumba pa Mankhamba anapeza mikanda yagalasi, zibenthu za mbale za ku China, mkuwa ndi minyanga ya njovu, ndipo analemba buku limene linatuluka mu 2020. Chuma chinalipo ndithu. Chimene panalibe ndi khoma loti mlendo aime patsogolo pake n'kujambulitsa.

Ntchito ya ulangizi ndinayiyambira konkuno, pa chitukuko chachikulu cha malo cha ku Lilongwe chimene chinayamba mu 1968 ndi ndalama za Banki Yaikulu ya Dziko Lonse. Ndiyo nthawi imene kunabwera mijigo, misewu ya m'midzi, migula yotchinga madzi ndi kulembetsa minda kuja tinkati ndunda. M'zaka za m'ma 1970 anandisamutsira ku Karonga, kumene boma linkalimbikitsa mpunga m'masikimu a Hara, Wovwe ndi Lufilya. Mayi anga analira ngati ndikupita ku Joni. Ndinakwera Ilala pa Chipoka, ine munthu wa kumtunda amene madzi aakulu amene ndinkawadziwa anali a mtsinje wa Namitete ukasefukira.

Ku Karonga ndinapeza dziko lotentha, la nthochi ndi ng'ombe. Ndinaphunzira kudya mbalagha, nthochi zophika pamodzi ndi nyama, ndi kumwa chambiko. Mnzanga wa kuntchito, Mngonde weniweni, tsiku lina atatopa ndi kudzitama kwanga za Kalonga anati, "Achimwene, inu mumangonena za mafumu a m'buku. Loweruka likonzeni njinga, ndikakuonetseni pamene pankakhala athu."

Tinapalasa njinga kulowera kumadzulo, mumsewu wopita ku Chitipa, umene nthawiyo unali wafumbi lokhalokha. Phiri la Mbande silitali. Munthu wozolowera kuona Mulanje pa kalendala akhoza kulidutsa osatembenuka. Limangodzuka pachigwa, mtsinje wa North Rukuru ukudutsa m'munsi mwake. Sitinakwere mwachisawawa. Tinayamba taima pamudzi wapafupi, mnzanga n'kupereka moni wa Chingonde, n'kufotokoza kuti mlendoyu ndi wa boma koma sanabwere za boma. Anatipatsa mkulu wina wa imvi, wopanda nsapato, kuti atitsogolere. Iye patsogolo, ife pambuyo tikupuma wefuwefu.

Pamwamba ndinayamba ndakhumudwa. Ndinkayembekezera zipupa. Ndinapeza mitengo, udzu ndi mitumbira ya dothi yokokoloka, ndipo nditayang'anitsitsa ndinaseka ndekha, chifukwa inafanana ndi linga la kwathu lija. Koma nditatembenuka ndinamvetsa chimene munthu angakhalire pamenepo. Chigwa chonse chinali pansi pa mapazi anga, minda ya nthochi, ng'ombe, utsi wa m'midzi, kutali uko nyanja, ndipo kutsidya kwake mapiri a ku Tanzania. Palibe akanabwera ndi mkondo kapena ndi mtolo wa malonda osaonekera patali.

Mkulu uja ankalankhula Chingonde, mnzanga n'kumamasulira. Pa phiripo poyamba pankakhala a Simbobwe, alenje a njovu amene ankachita malonda a minyanga. Kenako kunabwera Kyungu woyamba ndi anthu ake, cha m'ma 1600 malinga ndi olemba mbiri, n'kulanda phirilo. Kuyambira pamenepo Mbande inakhala likulu la ufumu wa Angonde. Minyanga inkawoloka nyanja, n'kubwerako nsalu ndi mikanda. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti Kyungu sankaonedwa ndi anthu wamba. Ankabindikira pamwambapo, ndipo amene ankafika pamaso pake anali makambala, nduna zake zikuluzikulu. Thanzi lake linali thanzi la dziko: mvula, nthochi, kuswana kwa ng'ombe, zonse zinkatsamira pa thupi lake. Tsono akadwala mwakayakaya, makambala sankadikira kuti atsirizike yekha, poopa kuti angapite nazo zonsezo. Mkuluyo ananena zimenezi mosazengereza, ngati akunena za kudulira nthochi. Ine khungu linachita tsembwe. Uwu unali ufumu wotani, wokhala pamwamba pa anthu onse koma osaloledwa ngakhale kutsokomola momasuka?

Tikuyenda ndinaona phale pansi, lokhala ndi mizere yokanda m'mphepete mwake. Ndinalitola, n'kulipukuta ndi chala, ndipo dzanja linali litayamba kale kulowera m'thumba. Mkulu uja sanakalipe. Anangoima, n'kundiyang'ana, n'kunena mawu ochepa. Mnzanga anati, "Akuti mwini wake wa mphikawo sanasamuke." Ndinalibwezera pomwepo. Anatiuzanso kuti zaka zingapo m'mbuyomo kunabwera Mzungu wokumba pansi. Ameneyo anali Keith Robinson, amene anafufuza pa Mbande m'zaka za m'ma 1960 n'kupeza mikanda yagalasi ndi zibenthu za mbale zochokera kunja. Panali mbali ina ya phirilo, ya mitengo yowirira, imene mkuluyo sanatilowetseko, ndipo ife sitinafunse chifukwa.

Potsika anatilozera cha ku Mpata, kumene kunali linga la Mlozi, wogulitsa akapolo uja amene anasautsa Angonde kuyambira 1887 mpaka pamene asilikali a Harry Johnston anamugwira n'kumupachika mu Disembala 1895. Mbiri yonseyi inali m'mutu mwa munthu wopanda nsapato, ndipo malipiro ake tsiku limenelo anali fodya wa kwathu amene ndinali naye m'chikwama. Patapita zaka, mu 1985, Owen Kalinga anatulutsa buku la mbiri ya ufumu wa Angonde, ndipo zambiri zimene ndinamva pa phiri paja zilimo.

Lero msewu wa ku Chitipa uli ndi phula, ku Karonga kuli nyumba yosungiramo zakale imene inatsegulidwa mu 2004, momwe muli mafupa a chinyama chija Malawisaurus, ndipo Mbande ndi malo otetezedwa ndi boma. Anthu amasonkhanako kukavina mapenenga ndi ndolo. Ndimakondwa nazo. Koma ndimadzifunsa ngati mwana wasukulu wofika pa basi, atanyamula botolo la zakumwa, angamve chimene ndinamva ine. Chimene chinakuza phiri lija pamaso panga sichinali pa phiripo. Chinali m'mayendedwe a mkulu uja, mmene ankachepetsera liwiro pena, mmene ankalambalalira pena. Mukachotsa munthu wotero n'kuikapo chikwangwani, mwatsala ndi chulu chachikulu.

Malume anga, amene anakhalitsa ku Rhodesia mpaka tinkawati mtchona, ankandiseka ndikamanena za Mbande. Iwo anaona Great Zimbabwe, pafupi ndi tauni imene kale inkatchedwa Fort Victoria, lero Masvingo, kumene mafumu anamanga pamwamba pa phiri ndi miyala yosanja popanda matope. Ankati Azungu a kumeneko ankakana kwamtuwagalu kuti munthu wakuda angamange zotero. Pamenepo malume anali ndi mfundo: mwala umachitira umboni ngakhale eni ake atapita, pomwe dothi limafuna wolilankhulira.

Nyumba zenizeni za pamwamba pa phiri, zamagalasi ndi magetsi, m'dziko muno anamanga ndi Kamuzu. Ufumu sanabadwe nawo, koma amene munalipo mukudziwa kuti ulemu umene tinkamupatsa ngakhale Kalonga sanaulawe. Ku Blantyre kunali Sanjika, pa phiri loyang'ana mzinda wonse. Kwawo ku Kasungu kunali Nguru ya Nawambe. Ndipo likulu litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, kunayamba kumangidwa chinyumba china cha zipinda pafupifupi 300. Ine ku Sanjika sindinafikeko. Anafikako ndi mayi a kunyumba kwanga, malemu tsopano, pamodzi ndi amayi anzawo a mbumba ya m'boma la Lilongwe, atavala zitenje za nkhope ya mwini wake. Anapita pa malole, anagona m'makalasi a sukulu, m'mawa n'kukwera phiri kukavina chimtali.

Atabwerako mudzi wonse unasonkhana pakhonde pathu. Ine ndinkafuna kumva za m'kati, za mipando ndi makapeti.

"Inu bambo, m'kati mwa ndani? Ife tinathera panja," anatero.

"Nanga munaona chiyani?"

"Kapinga."

Zoonadi, chimene chinawakhala m'mutu chinali kapinga. Unali mwezi wa Okutobala, kuno zitsime zitaphwa, amayi akulawirira m'bandakucha kukadikira madzi kudambo, koma kumeneko udzu unali wobiriwira, mipope ikuwaza madzi yokha popanda woigwira. Ankati anachita manyazi kuupondaponda ndi mapazi afumbi. Anaona Kamuzu akutuluka ndi chipewa chake chakuda, magalasi akuda, litchowa m'manja, Mama Kadzamira ali pambali. Anaona mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru atazungulira mzinda. Koma mpaka ukalamba wawo, nkhani ya Sanjika ikayamba, inkathera pa madzi othirira udzu.

Masiku amenewo munthu sunkaima pamsewu n'kumaloza nyumba zimenezi, ndipo kamera sinkayandikirako. Zinthu zitasintha mu 1994, a Bakili Muluzi anakana kukhala m'chinyumba cha ku Lilongwe chija, ndipo chinasanduka Nyumba ya Malamulo. A Bingu wa Mutharika atalowa mu 2004 anatulutsamo aphungu n'kulowamo okha. Chaka chotsatira kunabuka mphekesera yoti m'nyumbamo muli mizukwa, mpaka atolankhani ena anamangidwa chifukwa cholemba nkhaniyo. Kuno kumudzi tinaseka mpaka nthiti kuwawa, popeza aliyense amadziwa kuti nyumba yochuluka zipinda kuposa anthu siilephera kumveka mapazi usiku. Kamuzu anamwalira mu 1997, ndipo manda ake ku Lilongwe, amene anatsegulidwa mu 2006, aliyense amafikako, ana asukulu n'kumajambulitsa. Koma nyumba zimene ankakhala akadali moyo n'zotsekabe kwa munthu wamba. Ine ndimaona kuti pamenepa tinatembenuza zinthu. Nyumbazo zinamangidwa m'dziko la alimi a fodya ndi mtedza, ndipo sikukanakhala kulakwa kutsegula chipata masiku ena pachaka kuti adzukulu a amayi ovina aja akaone okha, n'kudziweruzira okha ngati kunali kukonda dziko kapena kudzikonda. Owafotokozera alipo. Amayi ena amene anavina pa kapinga uja akadali moyo m'midzi muno, ndipo saopanso kulankhula.

Za ku Dzalanyama ndinene mwachidule, chifukwa zimandiwawa. Mantha amene agogo anga anali nawo ndiwo ankasunga nkhalango ija. Atatha manthawo, kunalowa nkhwangwa. Imani m'mawa pamsewu uliwonse wochokera kumeneko muwerenge njinga za makala zolowera mutauni, ndipo musaiwale kuti mtsinje wa Lilongwe, umene tauniyo imamwa, umachokera m'mapiri omwewo. Boma linafika potumizako asilikali. Sindikunyoza anyamata a makalawo, njala siidziwa kachisi. Koma amene amalota zotengera alendo ku Msinja ndi ku Kaphirintiwa ayambe aganizira za mitengo, chifukwa mlendo sangalipire kuti akaone zitsa.

Nyumba ya mfumu imene mwini wake alimo ndinakaiona nditakalamba kale, mu 2007, pamene anzanga anandikokera ku Kulamba. Njira yake ndi yomweyi yodutsa pakhomo pathu: Namitete, Mchinji, chipata cha Mwami, Chipata, kenako Katete, n'kukhotera ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi. Makolo a Undi anachoka ku Mankhamba kalekale n'kukakhazikika ku Mano, m'dziko limene lero ndi Mozambique, ndipo m'zaka za m'ma 1930 ufumuwo unasamukira ku Zambia ya lero. Mwambo wa Kulamba atsamunda anauletsa mu 1934, n'kudzautsitsimutsa Gawa Undi Chivunga mu 1984. Umachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti, nthawi ya mphepo ndi fumbi. Chaka chimene ndinapitacho kunabwera atsogoleri a mayiko atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, onse kudzakhala pansi pamaso pa Gawa Undi Mkhomo, amene anali atalowa ufumu mu 2004.

Ku Mkaika kulibe phiri loti mfumu ikhalepo, ndipo nyumba yake siingafanane ndi Sanjika ngakhale pang'ono. Anthu ena olemera a mu Lilongwe ali ndi zazikulu kuposa imeneyo. Koma khamu limene ndinaona kumeneko sindinalionepo kwina. Malole ochokera ku Tete, mabasi a ku Kasungu, Dowa, Dedza ndi Chikwawa, anthu ogona pamphasa pansi pa mitengo, onse akumvana chilankhulo chimodzi ngakhale ndalama m'matumba mwawo zinali zamitundu itatu. Mafumu amene kuno kwathu timawagwadira ndinawaona nawonso akugwada, akupereka mphatso ndi kufotokoza za m'madera awo. Anamwali anatuluka atadzola, zilombo za gule wamkulu zinatuluka kudambwe motsatizana, fumbi kobo. Gawa atatulukira, khamu lonse linangoti "Yooo Gawa!" mpaka pansi kunjenjemera. Iye mwini sanachuluke mawu. Anangokhala, omulankhulira n'kumalankhula. Ndinakumbukira Kyungu wobindikira uja, koma uyu ankaoneka ndi maso, ndipo madzulo ankabwerera kunyumba kwake wamoyo.

Alendo akunja analipo ambiri, makamaka popeza gule wamkulu anali atangolemekezedwa ndi UNESCO mu 2005. Pafupi ndi pamene ndinakhala panali Mzungu wina wamkazi, atavala kabudula, kamera yaikulu pakhosi. Ankafuna kudutsa chingwe kuti ajambule bwino kasiyamaliro. Mayi wina wogulitsa zitenje, wa ku Katete komweko, anamugwira pamkono mwaulemu.

"Amayi, uko sapita choncho. Bwerani kuno."

Anamukulunga chitenje m'chiuno, n'kumumangira bwinobwino, n'kumuonetsa pogwada. Mzungu uja anagwada m'fumbi momwemo, n'kujambula ali chogwada. Atadzuka anayamba kumasula chitenje kuti abweze, koma mayi uja anapukusa mutu n'kutambasula dzanja, kutchula mtengo. Analipira, ndipo anagulanso china chachiwiri choti akapatse amayi ake kwawo.